Myuziyamu ya pa Kildare Street, Dublin: pitani ndithu

Sabata yatha ndinalowa mu National Museum of Ireland ya pa Kildare Street kungothawa mvula basi, koma ndinatulukamo patatha maola atatu. Kulowa ndi ulere amwene, palibe cholipira.

Chandisangalatsa kwambiri ndi kaboti kagolide ka ku Broighter, dera la kumpoto kwa Ireland, komwe alimi anakapeza akulima mu 1896, kakang'ono kokwana m'manja koma kali ndi timipando ndi tinkhafi take, moti ndinangoti kukamwa yasa kuti a Celt, anthu akale a ku Ireland, ankasula bwanji zimenezi Yesu asanabadwe. Tara Brooch, pini yamakedzana yomangira chovala, nayo ndi yokongola koma pamadzadza anthu.

Kenako kuli mitembo ya anthu amakedzana yomwe anaipeza m'madambo mu 2003. Eeh apa ndinachita nthumanzi. Mmodzi yemwe amamutchula kuti Old Croghan Man anali wamtali pafupifupi mamita awiri, zikhadabo zake zikuonekabe bwinobwino, zosalala, zikuonetsa kuti khasu sankaligwira. Mnzake Clonycavan Man tsitsi analikonza ndi utomoni wochokera cha ku France kapena Spain, jelo yakalekale imeneyo kkkk. Ana aang'ono mbali iyi musawatengere.

Mudye kaye musanapite, kalesitanti kena chapafupi kanandidyera mayuro ambiri pa sangweji youma.