Ndemanga pa kabuku kophunzitsa mpatuliro m'makalata a Chingerezi

Ndakhala ndi kabukuka miyezi inayi tsopano pa tebulo langa ku ofesi, kumene ndimalemba makalata ndi maimelo a Chingerezi tsiku lililonse. Ndinakagula chifukwa abwana ankandibwezera makalata atazunguliza ndi cholembera chofiira malo amene mpatuliro unasowa kapena unaikidwa posayenera, ndipo ine sindinkadziwa chifukwa chake.

Mutu umene wandithandiza kwambiri ndi wa malonje. Kale ndinkaganiza kuti "Dear Mr Phiri" ndi "Good morning Mr Phiri" zimalembedwa mofanana, koma kabukuka kakufotokoza kuti "Dear" ndi mawu ofotokoza dzinalo, choncho sapatulidwa, pamene "Good morning" ndi moni wodziimira paokha umene umafuna mpatuliro dzina lisanabwere: "Good morning, Mr Phiri." Lamulo lomwelo ndi limene limatipatsa "Thank you, Madam." Nditangomva kuti dzina la munthu amene ukumulankhula limapatulidwa nthawi zonse, kaya lili koyamba, pakati kapena kumapeto kwa chiganizo, ndinasiya kuloweza zitsanzo chifukwa ndinali nditagwira mutu wa nkhani.

Za maudindo nazonso zalongosoledwa bwino. Udindo ukatsogola ngati mbali ya dzina, monga "Finance Manager Grace Phiri", mpatuliro sufunika, koma ukatsatira dzina umatsekeredwa mbali zonse ziwiri: "Grace Phiri, Finance Manager, will chair the meeting." Mpatuliro wachiwiriwo ndi umene ambiri timaiwala, ndipo ndinaupeza ukusowa m'makalata anga akale pafupifupi onse amene ndinawatulutsa m'faelo kuti ndiwaonenso.

Chimene chandidandaulitsa n'chakuti zitsanzo zambiri zikutsatira kalembedwe ka ku America popanda kuchenjeza wowerenga. Kumeneko kalata ya bizinesi imayamba ndi "Dear Mr. Phiri:", ndi kadontho pambuyo pa "Mr" komanso timadontho tiwiri kumapeto, pamene ife kuno ku Malawi tinaphunzira kalembedwe ka ku Britain, kamene kamalemba "Dear Mr Phiri," ndi mpatuliro, kapenanso kusiya malonjewo opanda chizindikiro chilichonse. Wophunzira wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE akhoza kusokonezeka pamenepa. Kabukuka sikakunenanso kuti kalata yoyamba ndi "Dear Sir" imatsekedwa ndi "Yours faithfully," pamene yotchula dzina imatsekedwa ndi "Yours sincerely," chimene mlembi aliyense wa muofesi kwathu kuno ayenera kuchidziwa. Zimenezi ndinachita kuzilemba ndekha ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba.

Chikuto chake n'chofewa ndipo chayamba kale kumatuka, koma zilembo ndi zazikulu bwino, zowerengeka ngakhale magetsi atazima ndipo munthu ukuwerengera pawindo. Alembi, akalaliki ndi amene akulemba makalata ofunsira ntchito kawathandiza, malinga akumbukire kuti zitsanzo za malonje a kalata azisinthe kuti zigwirizane ndi kalembedwe ka ku Britain. Mwezi wathawu abwana anasaina makalata anga onse osandibwezera ngakhale imodzi.