Fuluu ndi chikuku: bwanji katemera wina amasintha chaka ndi chaka pomwe wina ayi?

Anthu ambiri amaona ngati mavairasi onse amasintha mofanana, koma tangoyikani fuluu apa chikuku apo muone. Onse awiri amasunga majini awo (malangizo a kapangidwe ka vairasi) mu chinthu chotchedwa RNA, akamaswana mthupi amakopera majiniwo molakwitsalakwitsa. Mpaka pamenepo ndi ofanana ndithu.

Nkhani yagona pa zomwe zimapulumuka. Fuluu ali ndi puloteni kunja kwake yotchedwa hemagglutinin, ndi imene chitetezo chathu chimaizindikira, ndiye ikangosintha pang'ono ma antibody (tizida ta chitetezo togwira mavairasi) amaiphonya ndipo vairasi yosinthayo ndi imene imafala, yakale ija nkumazilala. Nchifukwa chake a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amakhala pansi kawiri pachaka, February ndi September, kusankha mitundu yoti ilowe mu katemera. Komanso majini a fuluu ali mzidutswa 8, mitundu iwiri ikakumana mu nkhumba imodzi imasinthana zidutswazo, umu ndi mmene inabadwira H1N1, vairasi ya fuluu imene inafala padziko lonse mu 2009.

Chikuku nachonso chimasintha, koma chili pa msampha. Malo amene chitetezo chimagwira ndi omwewonso amene vairasi imatsegulira maselo athu, ikasintha pamenepo basi singalowenso, yafera pompo. Katemera woyamba anatuluka mu 1963 ku America, ndipo ambiri a lero anachokera ku vairasi yomwe anaitenga mu 1954, akugwirabe ntchito bwinobwino.

Ine chimandipweteka ndi ichi, matenda amene katemera wake sakalamba chonchi akumaphabe ana. Kuno ku Malawi ndi kawiri kokha ku sikelo, pa miyezi 9 ndi 15, chonde musadumphitse wachiwiriyo.