Northumberland ndi ana: pogona ndi pokacheza

Northumberland ndi chigawo cha kumpoto kwenikweni kwa England, chochita malire ndi Scotland, ndipo n'chachikulu kuposa momwe chimaonekera pamapu. Mabanja ambiri amalakwitsa pofuna kuona gombe, Hadrian's Wall (khoma lakale lomangidwa ndi Aroma) ndi nkhalango ya Kielder akugona malo amodzi. Kuchoka ku Seahouses, kugombe, kukafika ku Housesteads pa khomalo ndi ulendo woposa ola limodzi ndi theka pagalimoto, ndiye ana amafika atatopa kale. Ngati muli ndi sabata imodzi, sankhani gombe, pakati pa Alnmouth ndi Bamburgh.

Pogona pabwino kwa banja ndi nyumba yobwereka yodziphikira nokha. Zambiri amabwereketsa kwa sabata yathunthu, kuyambira Lachisanu kapena Loweruka. Mumalowa cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana, kutuluka n'kwa 10 koloko m'mawa. Musanalipire funsani zinthu zitatu. Choyamba, poimika galimoto: m'midzi yakale ngati Alnmouth misewu ndi yopapatiza ndipo nyumba zina zilibe malo awoawo. Chachiwiri, chotenthetsera m'nyumba, chifukwa makoma amiyala amasunga chisanu ngakhale mu June, ndipo pomwe pali chitofu cha nkhuni, nthawi zina amangokusiyirani dengu limodzi, zina muzigula nokha. Chachitatu, masitepe. M'nyumba zakale za asodzi amakhala otsetsereka kwambiri, choncho wokhala ndi mwana wongoyamba kuyenda apemphe kageti kotchingira. Makalavani okhazikika a ku Seahouses ndi Beadnell kawirikawiri amatsikirapo mtengo ndipo ana amapeza anzawo osewera nawo, koma mvula ikagwa masiku awiri, zovala zonyowa zimasowa poyanika ndipo mawindo amachita thukuta. Mahotela ndi abwino kwa usiku umodzi kapena uwiri basi.

Popanda galimoto n'zotheka koma movutikira. Sitima za pakati pa London ndi Edinburgh zina zimaima pa Alnmouth ndi Berwick-upon-Tweed, pomwe mabasi a m'mbali mwa nyanja ndi apatalipatali, makamaka Lamulungu.

Malo ofunika kusamala kwambiri ndi Holy Island, kapena kuti Lindisfarne. Msewu wopita pachilumbachi umamira kawiri patsiku nyanja ikakwera, ndipo nthawi yake imasuntha tsiku lililonse. Khonsolo ya chigawochi imasindikiza nthawi zowolokera, zomwe zimaikidwanso pazikwangwani poyambira msewu. Onani nthawi yobwerera, osati yopita yokha. Amene amathamangira kuwoloka mochedwa amapusitsidwa ndi madzi: mchenga wake ndi wathyathyathya, ndiye madzi sabwera ngati funde, amangoyenderera mwakachetechete kuchokera m'mbali mpaka injini kuzima. Pakati pa msewu pali kanyumba koyera kokwezeka pamizati, kothawiramo anthu. Galimoto imatsala m'madzi amchere, yathera pomwepo.

Ulendo wa paboti wopita kuzilumba za Farne umanyamukira padoko la Seahouses, ndipo ndi womwe ana saiwala, bola mubwere nyengo yake. Mbalame za puffin zimaswana kuyambira May mpaka July. Tchuthi chachikulu cha sukulu ku England chimayamba kumapeto kwa July, choncho wofika pakati pa August amapeza zambiri zabwerera kunyanja. Tchuthi chachifupi cha kumapeto kwa May ndiye chabwino. Potsikira pa Inner Farne, chimodzi mwa zilumbazi, pali ndalama ina ya National Trust, bungwe losamalira malowa, yosiyana ndi ya boti, ndipo aliyense avale chipewa, chifukwa mbalame za Arctic tern zimajompha pamutu poteteza zisa zawo zomwe zili m'mphepete mwa njira. Nyanja ikalusa ulendo umalephereka, ndiye uikeni kumayambiriro kwa sabata kuti mukhale ndi tsiku lina loyeseranso.

Ku Alnwick, komwe eni ake amatchula kuti "Anik", nyumba yachifumu ndi Alnwick Garden n'zoyandikana koma matikiti ake ndi osiyana, ndipo banja lofuna zonse tsiku limodzi limawononga ndalama zambiri n'kuona mothamanga. Nyumbayi ili m'manja mwa banja la Percy kuyambira 1309, imatsekedwa m'nyengo yozizira, ndipo pabwalo lake anajambulirapo mbali zina za mafilimu awiri oyamba a Harry Potter. Ana aang'ono amasangalala kwambiri kumunda, kuli akasupe oti anyowe nawo (tengani zovala zosinthira) komanso Lilidorei, bwalo lamasewera lomwe linatsegulidwa mu 2023. Mu Poison Garden, gawo la mundawu la zomera zapoizoni, mumalowa ndi wokuperekezani, osagwira kapena kununkhiza chomera chilichonse. Tsiku la mvula, Barter Books, sitolo ya mabuku akale mu siteshoni yakale ya sitima, imakupulumutsani.

Bamburgh ili ndi linga pamwamba pa thanthwe ndi gombe lamchenga lalitali losalipiritsa, koma madzi a North Sea ndi ozizira ngakhale m'chilimwe, ndipo mwana wopanda wetsuit (chovala chosambirira choteteza kuzizira) sakhalitsamo. M'mudzimo muli kanyumba kokumbukira Grace Darling, yemwe mu 1838 anapalasa bwato ndi bambo ake kukapulumutsa anthu a m'sitima ya Forfarshire. Ola limodzi likukwanirani.

Cragside, kufupi ndi Rothbury, ndi ya tsiku lathunthu: inali nyumba yoyamba padziko kuwalitsidwa ndi magetsi a mphamvu ya madzi, koma njira zake n'zokwera ndi zamiyala, ngolo ya mwana imavuta. Kielder isiyireni ulendo wina. M'chilimwe kumada mochedwa kwambiri moti nyenyezi zomwe anthu amapitira sizioneka bwino, ndipo madzulo opanda mphepo tizilombo ta midges timaluma osapumira.