Thermal Grizzly Minus Pad 8 pa chipset ya X570: zomwe ndaona patatha chaka

Kompyuta yanga ya patebulo, imene ndimakonzera mavidiyo a maukwati, ili ndi motherboard (bolodi lalikulu lolumikizapo zipangizo zonse) ya chipset ya X570, mtundu umene unatuluka mu 2019 pamodzi ndi mapurosesa a Ryzen 3000. Chipset imeneyi, kachipangizo kolumikiza purosesa ndi zipangizo zina, imadya magetsi ochulukirapo chifukwa cha PCIe 4.0, njira yothamanga yotumizira deta, ndipo n'chifukwa chake ma motherboard ambiri a nthawi imeneyo anabwera ndi kafani kakang'ono pamwamba pake. Chaka chatha mu Okutobala, kunja kutatentha kwambiri kuno ku Blantyre, kafaniko kanayamba kulira kosalekeza, ndipo pulogalamu yoonera kutentha ya HWiNFO64 inkasonyeza kuti chipset yafika madigiri Celsius opitirira 80 nthawi iliyonse ndikamakopera mavidiyo pa SSD (chosungira mafayilo) yachiwiri, imene imadutsira pa chipset yomweyo.

Nditamasula heatsink, chitsulo chozizitsa chipset, ndinapeza kuti thermal pad yakale, kanthu kofewa kodutsitsa kutentha kamene kamakhala pakati pa ziwirizi, inali itauma n'kung'ambika pakati, moti kutentha sikunkadutsa bwino kupita ku chitsulo chozizitsacho. Apo m'pamene ndinagula thermal pad ya Minus Pad 8, yopangidwa ndi kampani ya ku Germany ya Thermal Grizzly, imene mphamvu yake yodutsitsa kutentha imatchulidwa kuti ndi 8 W/mK. Siidutsa magetsi, chinthu chimene chinandikhazika mtima pansi poona tizipangizo ting'onoting'ono tozungulira chipset. Ndi yofewa ndipo imadulika bwino ndi lumo, koma imafuna dzanja lodekha pochotsa timapulasitiki ta mbali zonse ziwiri.

Nkhani yaikulu yagona pa kukhuthala kwake, ndipo ndikupempha aliyense wofuna kugula kuti asathamangire pamenepa. Poyamba ndinaika ya mamilimita 1.5 poganiza kuti yokhuthala idzagwira bwino, koma heatsink sinakhale pansi mofanana, masikuluwu anavuta kumanga, ndipo kutentha kunangotsika pang'ono chabe. Nditayeza m'mphepete mwa pad yakale, pamene sipanaphwanyike, ndinazindikira kuti panafunika ya milimita imodzi. Ndinapukuta chipset ndi isopropyl alcohol (mankhwala opukutira zipangizo), ndinadula kachidutswa kofanana ndi chipset yeniyeniyo, kenako ndinamanga masikuluwu mosinthanitsa pang'onopang'ono kuti pad ikanikizike mofanana ponseponse. Tsiku lomwelo kutentha kunatsika ndi madigiri pafupifupi 12 pa ntchito yomwe ija yokopera.

Sindinganene kuti pad yokha ndiyo inathetsa zonse. Graphics card yanga, khadi yoyendetsa zithunzi, ndi yaitali ndipo imaphimba kafani ka chipset, kotero kafaniko kamakoka mpweya wotentha kale. Ndinapemerera fumbi limene linadzaza m'timapiko take, ndipo ndinawonjezera fani ya mamilimita 120 kutsogolo kwa bokosi la kompyuta kuti izilowetsa mphepo yozizira m'munsi mwa khadiyo. Zimenezi zinachotsanso madigiri angapo.

Ndinadikira dala mpaka Okutobala wa chaka chino ndisanalembe, chifukwa kuyeza m'nyengo yozizira ya Juni kukananamiza owerenga. Pano chipset ikuima pakati pa madigiri 62 ndi 66 ngakhale masana, ndipo phokoso lija sindikulimvanso ndikamamvetsera mawu a m'vidiyo. Mtengo wake ndi wokwererapo poyerekeza ndi ma pad opanda dzina, makamaka ukawonjezera ndalama yoitanitsira kunja, komabe kachidutswa kamene kanatsala kanandikwanira kuikanso pa heatsink ya SSD.