Ndemanga: phukusi lopererera kalilole wa telesikopu wa 150 mm, f/8

Phukusili ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Galasi ndi labwino, mchenga ndi wosefedwa bwino, koma phula lake lokha ndi la kudziko lozizira, ndiponso kapakiridwe ka katundu yenseyu n'kosasamala.

M'bokosi muli galasi la borosilicate la 150 mm, lochindikala 25 mm, galasi lina wamba logwira ntchito ya mwana wa mphero, mchenga wa silicon carbide wa nambala 80, 120, 220 ndi 320 (nambala ikamakwera, mchenga umasalala), ufa wa aluminium oxide wa mamaikroni 25, 12 ndi 5, ufa wopukutira wa cerium oxide ndi chibuluma cha phula lothira pagalasi lachiwirilo popukuta kalilole. Choyezera mulibe, ndipo kupaka aluminiyamu n'kwapadera: mukamaliza mumatumiza kalilole kwa omwe ali ndi makina ake.

Musanayambe kupera, tengani mwala wonolera mipeni mupale m'mphepete mwa magalasi onse awiri mopendeketsa, mpaka mulifupi 2 kapena 3 mm, mukuthirira madzi. Ogulitsa sanachite zimenezi, ndipo pepala la malangizo silikuzitchula n'komwe. Mphepete yakuthwa imabenthuka, ndiye kachibenthu kamodzi kokha kakalowa pakati kamakanda nkhope yonse. Mukamapera mupitirize kubwereza, chifukwa kupalako kumatha.

Kuti kuwala kukumane pa 1200 mm (150 mm kuchulukitsa ndi 8, ndilo tanthauzo la f/8), pakati pa kalilole pafunika kukumbika 1.17 mm poyerekeza ndi m'mphepete. Mgolo wodzaza madzi ndiwo thebulo labwino, poti sugwedera ndipo mumatha kuuzungulira. Kalilole akakhala pamwamba pakati pamakumbika, akakhala pansi dzenje limaphwa. Ndi mchenga wa 80, mukukanikiza ndithu, pakati pa kalilole pakudutsa cha m'mphepete mwa mpheroyo, ntchito yokumba imatenga maola atatu kapena anayi. Mchenga wa 80 umene aikamo ndi wongokwanira basi. Musamatsanulire wambiri: theka la sipuni ya tiyi pa ulendo umodzi, ndipo phokoso la khwekhwerere likasanduka nsii, tsukani muike wina. Poyeza, nyowetsani kalilole mumulozetse dzuwa, muyeze mtunda pomwe kadontho kowala kachepera kwambiri pa katoni. Pamenepo pamawotcha, musaikepo diso.

Mchenga wotsatirawo unagwira ntchito yake mopanda chodandaulitsa, pafupifupi ola limodzi uliwonse. Apa dzanja lifupike, kalilole azingodutsa 25 mm kutsogolo ndi 25 mm kumbuyo, mukusinthanitsa wapamwamba ndi wapansi. Jambulani mizere ya maka pankhope musanapere: ikafufutika yonse mofanana, magalasi akukhudzana paliponse. Ikatsala pakati, musathamangire nambala ina.

Nyenyezi imodzi yachotsedwa makamaka chifukwa cha timapepala ta pulasitiki topyapyala, tomanidwa ndi sitepula, tonse m'thumba limodzi. Ka 80 kanali katabooka pangodya. Kambewu kamodzi ka 80 kakagwera mu ufa wa mamaikroni 5, kamasiya mzere wobwezera munthu ku 220. Mukalandira bokosi, tsukani kunja kwa kapepala kalikonse, muyambe ndi kosalala kwambiri, musamutsire m'mabotolo otseka. Ufa wokayikitsa uvundulireni m'madzi oyera, mudikire masekondi angapo kuti zolemera zimire, mutsanulire zapamwambazo m'botolo lina. Posintha nambala tsukani chilichonse, mgolo, ndowa, ngakhale m'zikhadabo momwe, ndipo musinthe nyuzipepala yoyala.

Tsono phula. Pabokosi sanalembe nambala ya kulimba kwake, koma pa madigiri 20 ndi labwino: chikhadabo cha chala chachikulu chikakanikiza masekondi khumi chimasiya kachizindikiro kakang'ono. Pa madigiri 30, kutentha kwa m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, chikhadabo chimangomira. Ngalande zimene mumadula paphulapo zimatsekeka pasanathe theka la ola, ndipo phula lofewa limalima m'mphepete mwa kalilole n'kuigwetsa, vuto limene anzathu opera amangoti TDE. Mphepete yakugwa imamwaza kuwala mozungulira nyenyezi, ndipo kuikonza kumatha kutenga nthawi yaitali. Wokhala kotentha agule phula lolimba, monga Gugolz 73, kapena aphike lomweli pamoto wochepa kwa ola kapena kupitirira kuti mafuta ake achepe, akumadontheza pang'ono m'madzi n'kuyesa likazizira. Lisawire, ndipo lisayandikire lawi, limayaka. Njira ina ndi kupukuta m'bandakucha kusanatenthe.

Phula aikamo lambiri, lokwana kuthira kawiri mochindikala 6 mm, zimene n'zothandiza poti loyamba silikhala bwino kawirikawiri. Dulani timabwalo ta 20 mm, kabwalo kapakati kasakhale pakati penipeni, apo ayi kalilole amatuluka ndi mizere yozungulira. Kachidutswa ka neti ya udzudzu kokanikizidwa paphula kamathandiza kuti ligwire msanga. Nthawi zonse musanapukute, pakani cerium, sanjikani kalilole ndi cholemera kwa mphindi 15 kapena 20. Cerium wake ndi wachangu, maola asanu ndi atatu anakwana. Musanyengedwe ndi kuwala kwa pakati: m'mphepete ndimo mumatsalira timaenje, ndiye muunike ndi tochi ndi galasi lokulitsa.

Malangizo akuthera pa kupukuta ngati kuti basi ntchito yatha, chonsecho chovuta chili pakuyeza. Choyezera cha Foucault, njira imene Léon Foucault anaifotokoza mu 1858, mutha kupanga nokha ndi kanyali ka LED, lezala ndi kathabwa kotsetsereka. Chimaikidwa pa 2400 mm kuchokera pa kalilole. Kalilole amene dzenje lake ndi lobulungira ndendende ngati chidutswa cha mpira amada paliponse nthawi imodzi lezala likadula kuwala. Wa parabola, omwe ndi maonekedwe ofunika pa telesikopu, malo odulira kuwala kwa pakati ndi kwa m'mphepete amasiyana 2.3 mm ngati nyali ili chiimire, kapena theka lake ngati nyali ikuyenda pamodzi ndi lezala. Ambiri amasokoneza ziwirizi n'kukumba mopyola kawiri. Pa f/8 kalilole wobulungira ali kale pafupi ndi malire ovomerezeka, motero mphindi zochepa za kuyendetsa dzanja mwa W zikukwana. Mukapukuta, musiyeni theka la ola azizire musanayeze, kutentha kwa manja kumanamiza mthunzi. Sefa ya Ronchi ya mizere 4 pa milimita imaonetsa TDE msanga kuposa lezala, chifukwa mizere yake imapinda ngati mbedza m'mphepetemo. Ogulitsa akanaikamo, ndi kachinthu kotsika mtengo.

Kwa woyamba kumene, 150 mm f/8 ndi poyambira pabwino kuposa 200 mm f/6, amene parabola yake siikhululuka. Odani phukusili, koma muuziretu ogulitsa kuti amate kapepala kalikonse pakokha, ndipo muwafunse nambala ya phula asanatumize.