Mifune kapena Nakadai: muyambe ndi uti?

Chionetsereni anzanga filimu ya ku Japan ya Yojimbo kunyumba kwanga, funso lawo ndi limodzi: mwa amuna awiri aja, uja wa lupanga ndi uja wa mfuti, woti munthu n'kumusakira mafilimu ake ndi uti? Ndiyankhe kamodzi kokha.

Wa lupanga uja ndi Toshiro Mifune. Anasewera mafilimu 16 a Akira Kurosawa, katswiri wokonza mafilimu wa ku Japan, kuyambira 1948 mpaka Red Beard mu 1965. Iyeyu akangotulukira, maso onse amapita pa iye: kukanda ndevu, kugwedeza mapewa, kubangula ngati mkango. Mu Throne of Blood, mivi yomwe inkamudutsa m'mbali inali yeniyeni. Pamenepo sinditsutsa.

Koma ndili naye pachifukwa. Ndinagula DVD ya filimu ya ku America ya Midway, ya mu 1976, kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu, chifukwa choona dzina la Mifune pachikuto. Ndinakhala pansi, tiyi m'manja, kudikira liwu lija. Atatsegula pakamwa ngati Admiral Yamamoto, mkulu wa asilikali a pamadzi a Japan, kunatuluka Chingerezi chosalala cha munthu wina. Ndinabweza kawiri, kuganiza kuti mwina wogulitsa uja wandipatsa yabodza. Ayi ndithu, filimuyo ndi momwe anaipangira: mawu ake anawalankhulira Paul Frees wa ku America, monganso mu Grand Prix ya 1966. Ndiye tangoganizani, Mifune wopanda liwu lake ndi ndiwo zopanda mchere. Komanso amangooneka apa ndi apo. Mukamasaka dzina lake, yambani mwaona chaka ndi dziko lomwe filimuyo inapangidwira.

Wa mfuti uja, wampango m'khosi ndi kumwetulira kwa njoka, ndi Tatsuya Nakadai, wobadwa mu 1932. Mu Seven Samurai amangodutsa pamsewu kwa masekondi ochepa, dzina lake osalembedwa n'komwe. Anamukweza ndi wokonza mafilimu wina, Masaki Kobayashi. Mu Harakiri ya 1962 amakhala chogwada pabwalo la akuluakulu, n'kumasimba nkhani yake pang'onopang'ono ndi liwu la pansi, inu mtima uli m'mwamba ngakhale lupanga lisanasololedwe. Mu Ran ya 1985, ali ndi zaka za m'ma 50, anasewera Hidetora, nkhalamba ya zaka 70. Pali pomwe amatsika masitepe a nyumba yachifumu ikuyaka moto kumbuyo kwake, nkhope ili mbuu, maso ali tong'o osaona kanthu, asilikali n'kumupatukira okha. Nyumbayo anaiwotchadi, ndiye panalibe zoti tibwereze.

Nakadai naye ali ndi mtengo wake, ndipo ndi nthawi. The Human Condition ndi magawo atatu opitirira maola 9, nkhani ya nkhondo ku Manchuria (ku China) yosasekereramo ngakhale pang'ono. Inandidyera bandulo ndi tulo. Koma ndinalipira ndikudziwa, osati zija za Midway.

Zoseketsa, Mifune wapambana. Kuphunzitsa ena, Nakadai: sukulu yake ya zisudzo ya Mumeijuku ndi yomwe inatulutsa Koji Yakusho, katswiri winanso wosewera m'mafilimu.

Ngati muli ndi madzulo amodzi okha, onerani Sanjuro, muwaone onse awiri atayang'anizana kumapeto kuja. Mifune ndiye amapambana ndewuyo. Ine ndinadzuka m'mawa mwake n'kuyamba kusaka mafilimu a wogonjayo.