Alamu yopanda mawaya: zomwe ndaona patatha miyezi khumi

Mu Ogasiti chaka chatha mlamu wanga wa ku Johannesburg ananditumizira alamu yopanda mawaya, ya mtundu uja woti umaika wekha. Tinali titangoberedwa kumene njinga ya mwana pakhonde. M'bokosimo munali kamutu kake (kabokosi koyendetsa alamu yonse, komwe kamakuimbira foni ikalira) kolowa simu khadi, masensa anayi a pachitseko, awiri omva kuyenda kwa munthu, marimoti awiri ndi sairini. Ndinaimanga Loweruka limodzi masana, ndipo aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti agule. Lero ndikunenabe kuti agule, koma ayambe wamva zomwe zinandionekera.

Timakhala nyumba ya lendi ku Area 25, ndipo eni ake sakanalola kuti tigobe makoma poyendetsa mawaya. Apa ndiye alamu yotereyi ilibe mnzake. Palibe kuitana mmisiri, palibe ndalama ya mwezi ndi mwezi kupatula timayunitsi ta m'simu khadi.

Vuto linayamba mu Okutobala. Masensa ndinangowamata ndi tepi yomwe inabwera m'bokosi momwemo, ndipo kutatentha tepi ija inafewa. Sensa ya pachitseko ili ndi tizidutswa tiwiri, kena kamakhala pafelemu, kena kokhala ndi maginito kamakhala pachitseko penipeni. Tikangotalikirana, alamu imati chitseko chatseguka. Ka kukhitchini kanagwa cha m'ma 1 koloko usiku, sairini n'kulira. Aneba anatuluka ndi miluzu ndi zibonga, bambo a kuseri kwathu anabwera opanda ngakhale malaya. Ndinapepesa, iwo n'kuti, "Musadandaule achimwene, bola taona kuti ikugwira." Patangopita masiku anayi inaliranso masana ife tili ku ntchito. Sabata yotsatira inaliranso. Ulendo wachitatuwu anatuluka munthu mmodzi yekha, ndipo mayi akunyumba anandiuza kuti nayenso anangosuzumira pampanda n'kubwerera.

Zimenezi zinandisowetsa tulo kuposa akubawo. Alamu sigwira wakuba, imangoitana anthu. Ikalira mwabodza kawirikawiri, anthu aja amatopa, ndipo tsiku lenileni likadzafika adzangotembenuka pabedi n'kufunda bulangete. Ndiye ndinakhala pansi kufufuza chomwe chinkailiza masana. Masensa omva kuyenda aja saona ngati kamera, amamva kutentha komwe kukusuntha. Ine ndinali nditaloza imodzi pawindo la pabalaza, pomwe katani imawombedwa ndi dzuwa kenako n'kumagwedezeka ndi mphepo. Ndinaichotsa n'kukaika pakona, mamita awiri kuchoka pansi, yoyang'ana chopingasa njira yopita kuzipinda. A pazitseko onse ndinawamanga ndi masikuluwu, nditapempha kaye eni nyumba. Kenako ndinayenda khomo ndi khomo kukafotokoza kuti ndakonza. Kuchokera mu Novembala sinalirepo mwabodza.

Za magetsi nazo muziganizire musanagule. Kamutu kaja kali ndi batire yakeyake yoti kazigwirabe ntchito magetsi akazima. Yanga ili yatsopano inkafika maola asanu ndi limodzi, pano ikangodutsa atatu imayamba kudandaula, moti ndinailumikiza ku batire ya sola yomwe timayatsira mababu. Pulagi ya alamuyi nayo inabwera ya ku South Africa, ya mano obulungira, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu amakonamakona. Adaputa inkakhwefuka, ndipo tsiku lina ndinapeza alamu itazimiratu osadziwa kuti inazima liti. Ndinadula pulagiyo n'kuika ya kuno.

China chomwe sindinkachiyembekeza ndi simu khadi. Mayunitsi atatha, sairini inkalira bwinobwino koma foni yanga osaimbidwa, ndipo palibe chinandichenjeza. Panopa Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, tikabwera ku tchalitchi, ndimazimitsa sairini, n'kutsegula zitseko chimodzichimodzi kuona ngati uthenga ukufika. Ndi ntchito ya mphindi khumi. Mabatire a m'masensa a pachitseko ndi aja ang'onoang'ono a 23A, ndipo m'magolosale a kwathu kuno sindinawapeze, ndinachita kukwera minibasi kupita m'tauni. Mukamasankha, tengani masensa olowa mabatire a AAA. Dziwaninso kuti masensa ambiri otchipawa amalankhulana ndi kamutu kaja kudzera m'mafunde a wailesi a 433 MHz, ndipo makoma a njerwa ndi zitseko zachitsulo zimafooketsa mphamvu yake. Sensa yomwe ndinaika kusitolo ya kuseri inkamveka lero, mawa ayi, mpaka ndinasuntha kamutu kaja kuchoka kuchipinda kupita pakati pa nyumba.

Tsiku lake linadzafika mu Febuluwale. Kunkagwa chimvula chija choti pamalata sumvana ndi amene wagona naye pafupi. Cha m'ma 2 koloko sairini inalira, foni nayo n'kuyamba kuitana pamutu pa bedi. Mtima unali phaphapha. Ndinayatsa magetsi onse, mayi akunyumba n'kuthamangira kuchipinda kwa ana. Kunja mluzu unalira, wina n'kuyankha, kenako ndinamva mawu a bambo a kuseri aja akufuula pampanda. Titatuluka tinapeza chitseko cha kukhitchini chitakanulidwa pamene pali loko, thabwa litang'ambika, mpata wake wongolowa dzanja. Pamatope panali mapazi a anthu awiri olunjika kumpanda. Sanatenge kanthu. Ndi mvula imene ija, popanda kasensa kaja tikanadzuka m'mawa pabalaza pali mbee.

Kwa amene ali pa lendi, kapena amene sangakwanitse kulipira kampani ya alonda mwezi uliwonse, ndikuti gulani, bola muli ndi aneba oti akhoza kutuluka ndipo mwawauza kale kuti sairiniyo ndi yanu. Ngati nyumba yanu ili payokha kumapuloti atsopano, komwe woyandikana naye ali kutali, ndalama yoyamba ipite ku chitseko cholimba ndi zitsulo za m'mawindo, alamu ibwere pambuyo. Ine chomwe chatsala ndi sairini yachiwiri yoika panja pansi pa denga, chifukwa bambo aja anandiuza kuti usiku umene uja ya m'nyumbayi ankangoimvera patali kwambiri. Mlamu ndamuuza kale, akuti abwera nayo pa holide ya Disembala.